Chilango Chimene Woweruza Sanatchule

Woweruza akamagamula mlandu amatchula zaka. Amati, "Ukakhale kundende zaka 3 ukugwira ntchito yakalavulagaga," wapolisi n'kumugwira dzanja wopalamulayo kupita naye kugalimoto. Mawu a bwalo amathera pomwepo. Woweruza sanena kuti munthuyo azikadya kamodzi patsiku. Sanena kuti azikagona chokhala, mawondo ali pachifuwa, msana wa mnzake uli pamphuno. Sanena kuti akatengeko chifuwa chachikulu, kapena kuti podzatuluka adzapeze munda wake atagawana abale, mkazi atakwatiwa kwina. Komatu zonsezi zimamuchitikira, ndipo zimachitika m'dzina lathu, ife okhoma msonkho ndi oponya voti. Funso limene lakhala likundisowetsa tulo ndi ili: chilango chowonjezerachi, chimene sichinalembedwe m'buku lililonse la khoti, anagamula ndani? Nanga mwini wake ndani?

Ndikudziwa kuti kulankhulira akaidi n'kuputa mavu pachisa. Mukangoiyamba nkhaniyi m'minibasi, kondakitala asanayambe n'komwe kutolera ndalama, wina amakhala atakuyankhani kale: "Anawatuma ndani? Akaolere konko!" Ndipo woyankhayo sikuti ndi wouma mtima ayi. Kawirikawiri amakhala mayi amene anamuthyolera nyumba ali kumaliro, kapena mnyamata wakabaza amene mnzake anaphedwa chifukwa cha njinga yamoto. Ukali umenewo nanenso ndimaudziwa. Chaka china akuba anakokolola khola lonse la mayi anga, mbuzi 7 zimene ankati ndiye fizi ya zidzukulu zawo, ndipo m'mawa umenewo mukadandipatsa wakubayo m'manja, za ufulu wake wachibadwidwe sindikadafunsa. Choncho, owerenga anzanga, amene akulemba pano ndi munthu woti anaberedwapo, ndipo amavomereza kuti wolakwa azilangidwa. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti chilangocho n'chachikulu bwanji, ndipo akuchiyeza ndani.

Anthu oganiza akhala akukangana kwa zaka mazanamazana za chifukwa chimene timalangira. Ena amati timalanga kuti oonerera atengerepo phunziro. Ena amati n'kuteteza anthu, monga timatsekera galu woluma. Enanso amati cholinga n'kumuwongola wolakwayo. Koma yankho limene lili m'mitima ya ambirife ndi lakale kuposa onsewa: walakwa, alipire. Ine yankho limeneli sindilinyoza. Lili ndi ulemu wake, chifukwa limamuona wolakwayo ngati munthu wamutu wake, amene anasankha yekha, osati chiweto chosadziwa kanthu. Koma taonani kumene yankholi likutikokera. Wonena kuti "alipire" wavomereza kuti pali ngongole, ndipo ngongole iliyonse ili ndi kukula kwake. Wokongola K5,000 sabweza ng'ombe. Amene wabwezetsedwa mopyola ngongole yake waberedwa, ngakhale iye mwini atakhala mbala yotheratu. Tsono munthu wokhulupirira kubwezera ndiye ayenera kuyamba kudandaula ndi zochitika m'ndende zathu, wachifundo asanatsekule n'komwe pakamwa.

Amene anakhalapo m'khoti la majisitireti akudziwa kusamala kumene kumakhalapo poyeza chilango. Woweruza amafunsa ngati munthuyo anapalamulapo kale. Amaona ngati wavomera mlandu osatayitsa bwalo nthawi, ngati katundu wobedwayo anapezeka, ngati panali chikwanje kapena ayi, ngati wopalamulayo ndi wachichepere kapena nkhalamba. Apa achotsa miyezi 6, apo awonjezera itatu, ngati mayi wogulitsa mchere amene akusalaza kapu ndi chala. Khoti Lalikulu limaunikanso zigamulo zina za makhoti aang'ono n'kuchepetsa pamene panapyola. Zonsezi n'zabwino. Koma galimoto ikangolowa pachipata cha ndende, kapu ija imatsala panja. M'katimo chilango amachita chotapa ndi manja, ndiponso satapira onse mofanana. Anthu awiri amene alandira zaka 3 tsiku limodzi, pa mlandu wofanana, sagwira ukaidi wofanana. Wina kwawo n'kufupi, mlongo wake amabwera ndi kadengu ka ufa, sopo ndi bonya sabata iliyonse. Mnzake kwawo n'kutali, ndalama ya basi njokwana thumba la chimanga, ndipo chaka chimatha osaona nkhope yakwawo. Wina ali ndi kangachepe kopatsa nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake m'selo, ndipo amapeza malo kukhoma kumene munthu amatha kutambasula miyendo. Mnzakeyo malo ake ndi pashamba, pakati pa selo, pamene anthu amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mpaka kunja kuche. M'buku la khoti onse awiri analembedwa zaka 3.

Izi si nkhambakamwa. Mkaidi wina, a Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno, ndipo mu Novembala 2009 Khoti Lalikulu, litakhala ngati bwalo lounika malamulo aakulu a dziko, linagwirizana nawo. Majaji anamva za kudya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Anamva za zipinda zopanda mpweya, zodzaza anthu thithithi. Anagamula kuti kusunga anthu motero n'kuwachitira nkhanza ndi kuwachotsera umunthu, zimene malamulo athu aakulu a 1994 amaletsa. Paja gawo 42 la malamulowo limanena mosabisa kuti womangidwa aliyense asungidwe mosamuchotsera ulemu, apatsidwe chakudya chokwanira, mankhwala, ngakhale zowerenga ndi zolembera, ndipo wolipira ndi boma. Aboma anayankha kuti ndalama palibe. Majaji anati kusowa ndalama si chifukwa chothawirapo, n'kupereka miyezi 18 kuti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka. Miyezi 18 ija inakwana mu 2011. M'zaka zotsatira akaidi anangochulukirachulukira, mpaka kuwirikiza kawiri chiwerengero chimene ndendezo zinamangidwira, kwina kuposa pamenepo. Chigamulocho chilipo, chosindikizidwa bwino, ndipo ophunzira zamalamulo ku Zomba amachiwerenga pokonzekera mayeso, kamtunda kochepa chabe kuchoka pa ndende yaikulu imene atsamunda anamanga mu 1935.

Pali funso limene sindingalilambalale, chifukwa ndi lolemera kuposa kukalipa kwa m'minibasi kuja. Mlimi amene sanabepo nkhuku ya munthu, mwezi wa Febuluwale naye amadya kamodzi patsiku, tsiku lina kugona ndi njala. Odwala m'zipatala amagona pansi. Ana a sitandade 1 amaphunzirira pansi pa mtengo. Nanga m'dziko losauka chotere, wakuba akhute chifukwa chiyani pamene wolungama akudya gaga? Kodi kumeneko si kupereka mphoto kwa wolakwa? Funsoli ndalitembenuza nthawi yaitali, ndipo yankho langa ndinalipeza pa mbuzi. Mbuzi yoyenda yokha ikaonda, timati chaka chavuta. Koma nthawi ya dzinja, pamene timazimanga pachingwe kuopa minda ya anthu, mbuzi ikafa ndi njala pachikhomo mlandu ndi wa mwini chingwe. Sangauze anthu kuti msipu unali kutali, pakuti amene anailetsa kupita kumsipuko ndi iye yemwe. Mlimi wanjala uja, ngakhale zinthu zitathina chotani, miyendo ali nayo: apita kukagwira ganyu, akapempha kwa alamu ake, akakumba zikhawo, akathyola therere. Mkaidi zonsezi tinamulanda dala, ndipo chifukwa chomulandira tinali nacho. Koma tsiku limene tinatseka chitseko n'kuika kiyi m'thumba mwathu, mimba yake inasanduka udindo wathu. Mukandiuza kuti msipu wokwana mbuzi zonsezi palibe, ine ndikufunsani chifukwa chimene mwamangira zambiri chotere.

Funso limenelo likutifikitsa pa anthu amene ali m'katimo. Tikamva za ndende timaganiza za zigawenga zamfuti ndi ogwiririra ana. Alimo ndithu. Koma mulinso anthu ambiri amene palibe khoti limene linawapeza olakwa, ali pa limandi kudikira mlandu umene failo yake inasowa, kapena mboni zake zinasamuka. Malamulo amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mu 2010 anaikanso malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe. Koma malire olembedwa papepala amafuna wina wowakumbutsa, ndipo mmphawi loya alibe. Mulinso amene khoti linati alipire chindapusa, ndalama n'kusowa. Taimani pang'ono pamenepa. Woweruza anaona kuti mlanduwo sukuyenera ndende, n'chifukwa chake anatchula ndalama. Wolemera anapisa m'thumba n'kukagona kwawo. Wosauka analowa m'selo. Mlandu wawo unali umodzi. Chinawasiyanitsa ndi thumba.

Kwa zaka zambiri apolisi ankasesa anthu usiku pa mlandu wa vakabu, lamulo lotisiyira atsamunda, lolola kumanga munthu chifukwa chongopezeka pamalo ndi panthawi imene wapolisi waiganizira zoipa. Mu 2015 lamuloli linagwira a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, akuyenda m'bandakucha kupita ku Limbe kukayamba geni yawo. Iwowa sanangolipira n'kuiwala monga ankachitira ambiri. Anakalitsutsa lamulolo, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linathetsa ndime imeneyo. Koma ndi angati amene analawira ngati iwo m'zaka zonse zija n'kukathera pashamba? Woyenda pagalimoto yake vakabu sinkamudziwa.

Chodabwitsa n'chakuti njira zina tili nazo kale. Lamulo loyendetsera milandu limauza woweruza kuti wopalamula koyamba asamutumize kundende pokhapokha ngati palibiretu njira ina yomulangira. Kuyambira m'chaka cha 2000 makhoti ali ndi mphamvu yolamula wopalamula mlandu waung'ono kuti azikagwira ntchito yosalipidwa pasukulu, pachipatala kapena pamsewu, akugona kwawo ndi kulima munda wake. Chaka chomwecho anayamba kulowa m'ndende alangizi a zamalamulo aja timati maparaligo, ophunzitsa akaidi kudzipemphera belo, ntchito imene mayiko ena anadzatengera kwa ife. Nthawi zina majisitireti amanyamula mafailo n'kukakhazikitsa bwalo m'ndende momwemo, ndipo tsiku limodzi lokha anthu angapo amabwerera kwawo. Koma woweruza naye ndi munthu, amakhala pakati pathu. Akudziwa kuti akalamula wakuba nkhuku kuti azikasesa pachipatala, mawa pamsika padzamveka kuti bwana adya ziphuphu, ndipo wakuba wotsatira anthu sadzavutikanso kupita naye kupolisi, adzangomuwotcha ndi matayala. Ndende zimadzaza chifukwa ifeyo timafuna zidzaze.

Timatero poganiza kuti zaka zambiri zimaopseza akuba. Mtaliyana wina, Cesare Beccaria, anatsutsa ganizo limeneli kalekale mu 1764, ponena kuti chimene chimabweza munthu ku choipa ndi kudziwa kuti agwidwa ndithu, kuposa kukula kwa chilango. Ndikuona kuti ananena zoona. Amene analowa m'khola la mayi anga sanakhale pansi kuwerengera kuti lamulo limatchula zaka zingati pa kuba ziweto. Anawerengera mdima, agalu ndi mtunda wopita kumsika. Anali atatu, ndipo awiri sanagwidwe mpaka lero.

Tizikumbukiranso kuti ndende ndi mlendo kuno. Makolo athu analibe nyumba yosungiramo olakwa zakazaka. Mlandu unkapita pabwalo, mbali zonse ziwiri zili pomwepo ndi eni mbumba awo, ndipo funso lalikulu linali lakuti wolakwiridwayo apepesedwa ndi chiyani. Wakuba mbuzi ankabweza mbuzi, n'kuwonjezapo ya chipepeso. Akalephera, abale ake ankasonkha, ndipo poti asonkha ankamuyang'anitsitsa kuti asadzawachititsenso manyazi. Nkhuyu zodya mwana zinkapotadi akulu. Ndende inabwera ndi boma la atsamunda, ndipo ambiri amene anailawa masiku oyambawo anali olephera kukhoma msonkho wa nyumba. M'dongosolo latsopanoli mlandu unachoka m'manja mwa wolakwiridwa n'kukhala wa boma. N'chifukwa chake pamene mmodzi wa akuba aja anagwidwa, mayi anga anaitanidwa ngati mboni chabe. Anayenda maulendo atatu kukhoti pa ndalama zawo, ananena zimene anaona m'kholamo, n'kuuzidwa kuti atha kumapita. Wakubayo analandira zaka zake. Mbuzi sanaionenso ngakhale imodzi. Pobwerera anandifunsa kuti, "Iwe wasukulu, tandiuza mwanawe, ine ndapindulapo chiyani pamenepa?" Patapita miyezi, mkazi wa wakubayo ndi ana ake anayamba kupempha ufa m'makomo, ndipo khomo lina limene ankagogoda linali la mayi anga omwewo.

Sindikuti zakale zonse zinali zokoma. Bwalo lomwelo linkamwetsa anthu mwavi, ndipo nkhalamba zambiri zosalakwa zinapita nawo. Wopanda abale amphamvu ankatha kuperekedwa ukapolo kulipira mlandu. Dzina la chikhalidwe chathu tinalionanso likugwira ntchito yoipa m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene makhoti aja ankatchedwa Traditional Courts anapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha ndi youkira boma, woimbidwa mlandu osaloledwa kukhala ndi loya. Bwalo lotere ndilo linagamula mu 1983 kuti a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anyongedwe. A Orton, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo dziko lino litalandira ufulu, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993, ndipo pambuyo pake anadzakhala oyendera ndende za mu Africa m'dzina la bungwe loona za ufulu wa anthu m'kontinenti muno. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu wotchulidwa. Apa pamandidabwitsa: pofika 1994 tinali ndi nduna, aphungu ndi aphunzitsi ambiri amene ankadziwa fungo la chidebe cha m'selo ndi mphuno zawo. Palibe m'badwo wa atsogoleri umene unali woyenera kukonza ndende kuposa umenewo. Koma zikuoneka kuti ambiri anatulukamo ndi phunziro lakuti iwowo sankayenera kukhala m'menemo, la malowo kukhala osayenera munthu aliyense analisiya pachipata. Lamulo la ndende la 1956 linapitirira kugwira ntchito zaka zina makumi angapo.

Pali chinthu chimodzi chimene dziko lino linachita chimene ndimachinyadira, ndipo chandiphunzitsa zambiri kuposa mabuku. Kale lamulo lathu linkati aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe, basi. Jaji analibe mpata wofunsa china. Wokonzera mnzake chiwembu mwezi wathunthu chifukwa cha ndalama, mnyamata woponya mpini pa ndewu ya pamowa, mayi wosokonezeka mutu, onsewo akangopezeka olakwa mawu anali amodzi. Pa 27 Epulo 2007, pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo asanu, khoti linati lamulo lotere likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Silinathetse chilango cha imfa ayi. Linangoti munthu asaweruzidwe kuti afe asanamvedwe. Bwalo liyenera kudziwa kuti iyeyu ndani, anakula bwanji, mutu wake unali bwanji tsikulo, chinachitika kwenikweni n'chiyani.

Panapita zaka 8 kuti ntchito yomvanso milanduyo iyambe mwamphamvu, mu 2015, motsogozedwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission pamodzi ndi maloya a boma, a Legal Aid ndi mabungwe ena. Mafailo ambiri anali atasowa. Choncho maparaligo ndi ophunzira zamalamulo anayenda m'midzi kukafunsa anyakwawa, abale a womangidwa, ngakhalenso abale a malemu. Zimene anabwera nazo zinali zoti bwalo loyamba lija silinazimve n'komwe. Ena mwa oweruzidwawo anali ana pamene ankapalamula, ena anali ndi matenda a m'mutu, ena umboni wowamangitsa unali wofooka zedi. Anthu oposa 150 anaimanso pamaso pa jaji. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwezeredwa ku chingwe, ndipo ambiri anatuluka, poti zaka zimene anali atakhala kale zinali zokwana. Talingalirani zimenezi: anthu omwewo, milandu yomweyo, majaji a dziko lomwelo. Chinasintha n'chakuti wina anakwera njinga kukafunsa mafunso.

Mantha analipo akuti midzi idzawakana anthuwa, mwinanso kuwabwezera. Kwa ambiri sizinatero. Mu 2017 ofufuza anafunsa mafumu oposa 100 a midzi imene inalandira anthu otere, ndipo ochuluka kwambiri anati chilango chonyonga sakugwirizana nacho. Awa si anthu a m'maofesi a mabungwe. Ndi anyakwawa a midzi imene inalira maliro a wophedwayo, n'kudzalandiranso wakuphayo patapita zaka 15 kapena 20. Anaona ndi maso awo kuti amene anatengedwa ali mnyamata waukali wabwera ali bambo wa imvi, wofuna khasu ndi pogona. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo n'zoona; wophedwa sadzuka, ana ake anakula amasiye. Koma pamene mlandu sukuola, wopalamula akukalamba. Imafika nthawi imene munthu amene tikumusunga m'selo amangofanana dzina ndi amene anaponya mpini uja. (Za chingwe chenichenicho, chiyambire 1992 palibe amene wanyongedwa m'dziko muno. Mu Epulo 2021 Khoti la Suprimu linamveka ngati lachidula, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji anafotokoza kuti sanatero. M'zaka zonsezi woweruzidwa kuti afe ankangodikira tsiku losabwera, kapena chifundo cha pulezidenti, kudikira kumene nakonso palibe anakulemba m'chigamulo.)

Musandimve molakwa. Alipo anthu amene sindifuna kukumana nawo panjira. Amene anadula ziwalo za abale athu achialubino m'zaka zoyambira 2014, mwadala, atawerengera phindu, akhale kumene ali, ndipo zaka zawo zikhale zambiri. Wogwiririra kamwana atalikirane ndi ana. Ndende ili ndi ntchito yake, ndipo ikadagwira bwino ntchitoyo ikadakhala ya anthu oterewa, m'malo mowasakaniza ndi wakuba chinangwa mpaka oyang'anira kusadziwanso kuti woopsa ndi uti. Komabe ngakhale kwa iwowa, chimene tinagamula ndi zaka. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene mu 2015 anapatsidwa dzina la Nelson Mandela, amanena mfundo yomweyi, kuti kulandidwa ufulu pakokha n'chowawa chokwana ndipo ndende isawonjezerepo china. Ngati tikufunadi kuti wakupha azigona chokhala ndi kudwala mphere, tilimbe mtima tikalembe zimenezo m'lamulo, aphungu avotere masana dzuwa likuswa mtengo, jaji azizitchula pogamula. Ndikukuuzani, palibe angavomere kusainira. Timafuna zichitike, koma pasakhale dzina la munthu pansi pake.

Tsopano za kukonza. Mawu akuti "kukonza mkaidi" ndimawakayikira pang'ono, chifukwa amamveka ngati munthu ndi njinga yoti amakanika aimange masipoko. Munthu amasintha yekha. Ena amangomupatsa pogwira. Pogwirapo m'ndende zathu palipo ndithu, ngakhale n'pochepa. Akaidi amaphunzitsana okhaokha, mphunzitsi womangidwa kuphunzitsa anzake, ndipo chaka ndi chaka ena amalemba mayeso a MANEB n'kukhoza. Kuli ukalipentala, utelala, zomangamanga ndi minda ya ndende. Mu 2013 Ian Brennan ndi mkazi wake Marilena Delli anajambula nyimbo m'ndende ya Zomba, ndipo chimbale chake chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba m'mbiri ya oimba a dziko lino. Dziko lonse lapansi linamva mawu a anthu amene ife oyandikana nawo tinali titaleka kuwamva. Oimbawo ku Los Angeles sanapiteko. Usiku wa mphotozo ambiri mwa iwo anali m'maselo awo.

Koma pali kusemphana kumene sukulu ndi gitala sizingathetse. Timamutenga munthu amene analephera kusankha bwino n'kumuika pamalo pamene sasankha kanthu. Nthawi yodzuka, yodya, yolowa m'selo dzuwa likadali pamwamba, zonse amamusankhira ena. Chimene amaphunzira msanga ndi kugonjera wamphamvu, kubisa kanthu m'chiuno, kusakhulupirira munthu. Mnyamata amene analowa chifukwa cha foni imodzi amagona zaka ziwiri mwendo ndi mwendo ndi akatswiri othyola masitolo, ndipo usiku wa m'selo ndi wautali. Kenaka tsiku lina m'mawa chipata chimatsekuka, n'kumuuza kuti pita ukakhale nzika yabwino. Kuli ngati kumanga mwendo wa munthu zaka ziwiri, pomumasula n'kumuuza kuti athamange.

Apa ndi pamene chilango chosatchulidwa chija chimachoka m'manja mwa boma n'kulowa m'manja mwathu. Woweruza anati zaka 3. Ife timati moyo wonse. Fomu ya ntchito imafunsa ngati unamangidwapo. Kutchalitchi amamulandira ndi nyimbo Lamulungu loyamba, koma mbale ya chopereka sadzamupatsa kuti ayendetse. Kukasowa nkhuku m'mudzi, mapazi onse amalunjika khomo limodzi. Malo ngati nyumba imene a Prison Fellowship anatsekula ku Balaka, yolandira otuluka kuti aphunzire ntchito ndi kuzolowera asanapite kwawo, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene amadutsa pachipata mwezi uliwonse, kachikwama kali m'manja.

Kwathu kuli bambo wina wamsinkhu wanga, amene tinkakumbira limodzi mbewa tili ana. Anakhalako zaka 4 pa mlandu wothyola golosale, mlandu umene iye mwini saukana. Anabwerako ndi satifiketi ya ukalipentala, yosungidwa bwino m'pepala la pulasitiki, koma wopanda sowo, wopanda hamala. Zipangizo n'zodula, ndipo gulu la banki m'khonde linakana kumulemba. Amayi a gululo anati sakumuda, koma ndalama ndi ndalama. Kalipentala wa pamsika anamulola kuti azithandiza kupala matabwa, koma akamapita kukadya amakhoma bokosi la zipangizo ndi loko, zimene sankachita pamene anali ndi anyamata ake awiri okha. Mnzangayo amaziona, ndipo sanenapo kanthu. Ntchito imodzi imene amamuitanira ndi mtima wonse ndi ya maliro. Kukagwa zovuta, ndiye amakhoma bokosi usiku wonse ndi zipangizo zobwereka, m'mawa n'kutsogolera adzukulu kumanda. Chaka chatha anakhoma la mwini golosale ija. Anawayeza yekha malemuwo ndi chingwe, ndipo ana awo anamupatsa nkhuku ndi K10,000. Zipangizo anakabweza madzulo ake, mwini wake n'kuziwerenga chimodzichimodzi.